Mwana amene tinamutcha mbuli: malangizo kwa aphunzitsi

Funso ili silisowa pamene aphunzitsi akumana, kaya ndi ku TDC (malo amene aphunzitsi amachitirako maphunziro a ntchito yawo) kaya pansi pa mtengo nthawi yopuma: "Nanga mwana woti mutu wake sugwira, sukulu si mbali yake, timutani?" Yankho lake n'lalitali, ndipo kulibwereza pakamwa nthawi zonse n'kotopetsa, choncho nali lolembedwa. Ndi la aphunzitsi a Sitandade 5 mpaka Fomu 4 makamaka, koma makolo apeza gawo lawo chakumapeto.

Funsolo labwera kale ndi chigamulo m'kati mwake. Mayina tili nawo ambiri: mbuli, mbutuma, kape, nambala lasiti, ndipo mbali inayi kuli dolo ndi katakwe. Ena timamata gulu lonse: atsikana masamu sawatha, a ku CDSS ndi otsalira pa selekishoni, a kunyanja mutu uli pa usipa, banja lakuti ndi make mbuu mwana mbuu. Kuti ana amasiyana pa kumva zinthu msanga, palibe akukana. Vuto ndi lakuti dzina likamumata mwana, limasintha zimene mphunzitsi amamuchitira tsiku ndi tsiku, limasinthanso zimene mwanayo amachita akakumana ndi funso lolimba. Malikisi amangotsatira pambuyo.

1. Werengani zimene mumachita m'kalasi

Palibe mphunzitsi amene angavomere kuti amakondera, ndipo ambiri amakana moona mtima. N'chifukwa chake pamafunika kuwerenga. Jambulani papepala mmene ana amakhalira m'kalasi, dzina lililonse pamalo pake, ndipo pemphani mnzanu akhale kumbuyo pa maphunziro atatu, makamaka a masamu kapena sayansi. Mukafunsa mwana funso longofuna kukumbukira, aike kadontho pa dzina lake. Mukamufunsa la "chifukwa chiyani" kapena mukamuitana kubolodi, aike mtanda. Mukamudzudzula, azungulize dzinalo. Phunziro loyamba musalidalire, chifukwa tsiku limenelo mudzachita zachionetsero. Pa awiri enawo onani mitanda ingati yapita kwa atsikana, ingati yadutsa mzere wachitatu, ndiponso mayina angati alibe chizindikiro chilichonse. Musadabwe mukapeza kuti m'kalasi ya ana 90, phunziro lonse mumachita ndi ana 10.

M'zaka za m'ma 1960, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anauza aphunzitsi a sukulu ina ya pulayimale ku California kuti mayeso apadera aonetsa ana amene nzeru zawo zitumphuke chaka chimenecho. Mayinawo, pafupifupi mwana mmodzi pa asanu alionse, anangowatola mwachisawawa. Chaka chitatha, anawo anakweradi kuposa anzawo, makamaka m'makalasi awiri oyambirira. Ofufuza apambuyo pake anapeza kuti mphamvu imeneyi si yaikulu monga inamvekera poyamba, koma mu 1984 Stephen Raudenbush anaonetsa pamene imaluma kwambiri: mphunzitsi akakhala kuti wadziwana ndi anawo milungu iwiri kapena kuchepera. Mmera m'poyamba. Nthawi yoopsa ndi sabata yoyamba ya chaka, pamene mnzanu akukupatsirani kalasi n'kukunong'onezani kuti, "Uyu ndi uyu musataye nawo nthawi." Mufunseni chimene mwanayo amalephera kwenikweni, kaya ndi kuwerenga, matebulo kapena kujomba. Akangoti "ndi mbuli basi," sanakuuzeni kanthu.

2. Dikirani mukafunsa funso, ndipo musamasankhe amene akweza mkono okha

Mary Budd Rowe anayeza m'zaka za m'ma 1970 nthawi imene aphunzitsi amadikira akafunsa funso, napeza kuti ndi pafupifupi sekondi imodzi. Aphunzitsiwo atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ndipo ana amene ankaonedwa ngati ochedwa anayamba kuyankha. Kwathu kuno kudikirako kukufunika kuposa pamenepo. Mwana wa Sitandade 6 amamva funso m'Chingerezi, kulitembenuza m'mutu m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyawo, kupeza yankho, n'kulibwezanso m'Chingerezi. Akamamaliza ulendo umenewu inu mwaloza kale wina.

Tolani zotsekera mabotolo, lembani m'kati mwake manambala a m'rejisitala, muziike m'chitini. Funsani funso, werengani mpaka 5 chamumtima, apatseni theka la mphindi kuti akambirane awiriawiri m'chinenero chilichonse, kenako tolani nambala. Ambiri amalakwitsa potola nambala asanafunse funso. Mukatero ena 89 amasiya kuganiza, ndipo wotoledwayo amaimirira mtima uli phaphapha. Mwana akati "sindikudziwa," musalumphire kwa dolo wa kalasi n'kumusiya ataima. Mupatseni kafunso kakang'ono kolowera ku yankholo, kapena funsani wina kenako mubwerere kwa iye kuti afotokoze m'mawu ake. Oseka mnzawo adzudzulidwe pomwepo, tsiku loyamba lomwelo.

3. Samalani pakamwa pa tsiku la mayeso

Mu 1995 Claude Steele ndi Joshua Aronson anapatsa ophunzira a payunivesite ya Stanford mafunso ovuta. Atauzidwa kuti mafunsowo akuyeza nzeru, ophunzira akuda anatsika poyerekeza ndi azungu. Atauzidwa kuti ndi ntchito chabe yosayeza nzeru, mpatawo unachepa kwambiri. Akatswiri amachitcha stereotype threat, kutanthauza mantha akuti "ndikalephera nditsimikizira zimene anthu amanena za ife." Malo amene ubongo umasungira manambala ndi mfundo pamene ukugwira funso ndi ochepa. Nkhawa ikakhalamo, manambala amatayika.

Ku France, Pascal Huguet ndi Isabelle Régner anapatsa ana a zaka 11 mpaka 13 chithunzi cha mizere yolukanalukana kuti achiyang'ane kenako achijambule osachiona. Ena anauzidwa kuti ndi mayeso a jometile, ena kuti ndi a zojambula. Chithunzi chinali chimodzi, koma atsikana anatsalira pamene chinatchedwa jometile, napambana anyamata pamene chinatchedwa zojambula. Ku Uttar Pradesh m'dziko la India, Karla Hoff ndi Priyanka Pandey anapeza kuti anyamata a m'mabanja onyozeka ankakhoza mofanana ndi anzawo mpaka pamene fuko la aliyense linalengezedwa pagulu. Atalengeza, anatsika.

Musazitenge ngati lamulo losasintha. Kafukufuku wa mu 2018 pa ana a sekondale oposa 2,000 ku Netherlands sanapeze kuti kukumbutsa atsikana za nkhaniyi kunawatsitsa pa masamu. Akatswiri akutsutsanabe za kukula kwa mphamvuyi. Koma kupewa sikulira ndalama. Musanene kuti, "Lero tione amene ali ndi mutu." Musanenenso kuti, "Atsikana, achititseni manyazi anyamatawa," chifukwa ngakhale cholinga n'chabwino, mwawakumbutsa kuti akulembera mtundu wonse wa akazi. Musakhazike ana potsata mapozishoni a teremu yatha. Nenani mwachidule kuti mayesowa aonetsa zimene tamva ndi zimene tiyenera kubwereza, ndipo yambani pepala ndi mafunso awiri amene pafupifupi aliyense angakhoze.

4. Chongani osaona dzina

Ku India komweko, Rema Hanna ndi Leigh Linden anapatsa aphunzitsi mapepala oti achonge, atasokoneza dala zolemba pachikuto. Mapepala olembedwa kuti ndi a ana a fuko lonyozeka analandira malikisi ocheperako. Kusiyanako kunali kochepa, koma malikisi awiri ndi amene amalekanitsa kukhoza ndi kulephera. Auzeni ana alembe dzina kumbuyo kwa tsamba lomaliza, kapena apinde ngodya ya dzina. Chongani funso loyamba pa mapepala onse, kenako lachiwiri, osati pepala lonse la mwana mmodzi pakamodzi. Izi n'zofunika kwambiri pa chimangirizo ndi mafunso ofotokoza, pamene dzanja limafewa likaona dzina lodziwika.

Pa zolemba za m'kope, Ruth Butler anapeza ku Israel mu 1988 kuti ana olandira ndemanga yokha anakwera, pamene olandira malikisi ndi ndemanga limodzi anachita chimodzimodzi ndi olandira malikisi okha. Mwana akaona 3/10 sawerenganso zapansizo. Pa ntchito ya m'kalasi, nthawi zina siyani malikisi m'buku lanu, m'kope mulembe chinthu chimodzi choti akonze. "Poor" ndi "Pull up your socks" si ndemanga, chifukwa sizimuuza mwana choti achite mawa. Makope 90 simungawalembere onse: sankhani 15 sabata iliyonse mosinthana, ndipo zolakwa zitatu zofala muzilembe pabolodi ndi zilembo A, B, C kuti m'makope enawo muzingoika chilembo.

5. Yamikirani chimene mwana wachita, ndipo musamutonthoze ndi mawu omutaya

Claudia Mueller ndi Carol Dweck mu 1998 anayamikira ana ena kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Atawapatsa mafunso ovuta, oyamikiridwa nzeru anataya mtima msanga, ndipo pafupifupi 4 pa 10 alionse ananama za malikisi awo. Dzina la "dolo" nalonso ndi katundu: mwana amayamba kuthawa mafunso amene angamuvule dzinalo. Ambiri otere ndi amene amasokonekera akafika ku sekondale yogonera n'kupeza kuti aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo. M'malo mwa "ndiwe wanzeru," tchulani chimene wachita: "Wajambula kaye chithunzi usanayambe kuwerengera, n'chifukwa chake sunasochere."

Mawu oipa kwambiri ndi achifundo: "Usadandaule mwanawe, si onse amene anabadwira masamu, iwe uli bwino ku Chichewa." Mwana amamva bwinobwino kuti mwamusiya. Kumbali inayi, musayembekezere zozizwitsa pa ulaliki wa "ubongo umakula." Kafukufuku wa mu 2019 pa ana pafupifupi 12,000 m'sukulu 65 za ku America anapeza kuti phunziro lotere linakweza ana otsalira ndi 0.10 yokha pa muyeso wofika 4. Linathandiza, koma pang'ono. Ntchito yeniyeni ili pa mfundo yotsatirayi.

6. Mwana walimbikira koma walepherabe

Apa m'pamene malangizo ambiri amathera, ndipo apa m'pamene dzina la mbuli limakhazikika. Mwamuuza mwana kuti alimbikire, wawerenga usiku ndi tochi milungu itatu, wapezanso 28 pa 100. Mukamuuzanso kuti "limbikira," iye amaona kuti mankhwala wamwa koma sanachire, ndiye kuti vuto ndi mutu wake. Musatchulenso za kulimbikira mpaka mutapeza chimene chikumugwetsa.

Tengani pepala lake, khalani naye mphindi 15 pamalo oonekera koma poti anzake sakumva. Sankhani mafunso atatu amene walakwa. Musamuonetse yankho. Nenani kuti, "Tandionetsa mmene unachitira, uzilankhula zimene ukuganiza." Kenako khalani chete. Kukhala cheteko n'kovuta kwa mphunzitsi kuposa china chilichonse, koma mukangomukonza pamzere woyamba simudziwanso pamene amasochera.

Nthawi zambiri mupeza kuti mwanayo sakulota mayankho, ali ndi lamulo lake limene akulitsata mokhulupirika. Pa 52 kuchotsapo 38 walemba 26: pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 8 kuchotsa 2, kenako 5 kuchotsa 3. Kubwereka sanakumve ali ku Sitandade 3, ndipo kugawa kwa manambala aakulu konse kumamugwetsa pa chifukwa chimodzi chomwechi. Pa 1/2 kuphatikiza 1/3 walemba 2/5, chifukwa waphatikiza zam'mwamba pazokha ndi zam'munsi pazokha. Musathamangire kumupatsa lamulo lina loti aloweze. Mufunseni kuti, "Uli ndi theka la buledi, ndakuwonjezera wina. Ungakhale ndi buledi wochepera theka?" Jambulani naye 2/5 aone yekha kuti siikwana theka, kenako mupite ku 5/6. Wa Fomu 2 amene amalemba kuti (a + b)² ndi a² + b², muuzeni aike 2 ndi 3: mbali ina ipereka 25, inayo 13. Akaona yekha saiwala.

Ngati lamulo lolakwika silikuoneka, yesani zinthu izi motsatana.

Chiyambi ndi chinenero. Mufunseni funso lomwelo pakamwa m'chinenero cha kwawo, ndi ndalama za kumsika. Mwana amene amagulitsa mandasi n'kubweza chenji osalakwa koma amalephera funso la mawu, vuto lake ndi mawu monga difference, product, altogether ndi remainder. Mulembereni mawu 10 otere ndi tanthauzo lake kuchikuto cha kope.

Kenako kuwerenga. Mupatseni ndime ya buku la makalasi awiri m'mbuyo awerenge mokweza kwa mphindi imodzi. Ngati akugwira chilembo chimodzichimodzi, phunziro lililonse limugwetsa, ndipo poyambira ndi pamenepo.

Thupi nalo. Muimikeni pamalo pake awerenge zimene zili pabolodi. Mulankhuleni chapansipansi muli kumbuyo kwake. Ana achialubino ambiri amaona movutikira, ndipo amafunika kukhala kutsogolo, kutali ndi kuwala kwa pawindo, n'kuwalola kuyandikira bolodi. Wachibwibwi amadziwa yankho koma amasankha kukhala chete. Onaninso rejisitala: amene anajomba milungu iwiri nthawi ya malungo kapena yokolola ali ndi dzenje pa mutu umene munaphunzitsa masiku amenewo, ndipo mtsikana amene amasowa masiku angapo mwezi uliwonse akufunika thandizo la amayi a mother group, osati chibalo.

Chomaliza ndi kawerengedwe. Mufunseni kuti, "Ukamawerenga umachita chiyani?" Ambiri ayankha kuti amabwereza manotsi kapena kuwakoperanso. Njira imeneyi imanyenga, chifukwa tsamba likazolowereka m'maso mwana amaona ngati walidziwa. Muphunzitseni kutseka kope, kulemba zimene akukumbuka, n'kutsegula kuti aone zimene wasiya. Pa masamu aziphimba chitsanzo n'kuchichita yekha, ndipo mutu womwewo aubwerezenso patatha masiku awiri, kenako patatha sabata.

Mukapeza dzenjelo, muuzeni mosabisa, m'mawu otchula chinthu osati munthu: "Chimene chikukugwetsa ndi kubwereka pochotsera. Ndikufuna ufike pokhoza mafunso 8 pa 10 a mtundu umenewu, ndipo ufikapo. Tizichita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu." Mawu otere ali ndi mbali ziwiri, muyeso wapamwamba ndi chitsimikizo chakuti aufika. David Yeager ndi anzake anayesa kapepala ka mawu ofanana ndi amenewa pa zolemba za ana ku America: mwa ana akuda amene anakalandira, 71 pa 100 anakonzanso ntchito yawo, pamene mwa amene analandira kapepala wamba anali 17 pa 100. Ana ake anali ochepa, koma kapepalako sikadya nthawi.

Gwirani dzenje limodzi pa nthawi, mphindi 15 katatu pa sabata kwa milungu inayi. Ana 90 simungakhale nawo mmodzimmodzi, koma mukafufuza asanu mupeza kuti zolakwa zawo ndi za ana ena 30, ndipo mutha kuwaphunzitsa pamodzi. Milungu inayi ikatha, perekani mafunso 10 a mtundu womwewo ndi manambala ena, kenako ikani pepala lakale ndi latsopano pamodzi patsogolo pake. Mwana amene wamva kwa zaka zisanu kuti ndi mbuli sakhulupirira mawu anu, amakhulupirira 2 yasanduka 7 m'zolemba za dzanja lake. Ngati palibe kusintha, mwina dzenje lili pansi kuposa pamene munakumba: bwererani m'mbuyo kalasi imodzi. Zikakanikabe, uzani aphunzitsi aakulu kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera kapena apite kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu.

7. Magulu ndi mapozishoni

Kugawa ana potsata pamene afika si tchimo. Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anayesa zimenezi m'sukulu 121 kuzambwe kwa Kenya, ndipo ana a gulu lapamwamba ndi lapansi lomwe anapindula, chifukwa mphunzitsi ankaphunzitsa pa msinkhu wa ana amene ali patsogolo pake. Ku Zambia pulogalamu ya Catch Up imagawa ana a Giredi 3 mpaka 5 mofananamo pa kuwerenga ndi masamu. Choipa ndi gulu losatulukika. Gawani pa luso limodzi, osati pa "nzeru," yesaninso pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo ana azisamukadi. Musatche magulu Akalulu ndi Afulu, ana si opusa. Onetsetsaninso kuti gulu lotsalira silikupatsidwa mphunzitsi wosafuna ndi mabuku otsala.

Mwambo wolengeza mapozishoni pa tsiku lotsekera, kuyambira nambala wani mpaka womaliza pamaso pa makolo, umapanga nambala lasiti teremu iliyonse ngakhale kalasi yonse itakhoza. Ngati sukulu siingausiye, tchulani 10 oyamba ndi 10 amene akwera kwambiri poyerekeza ndi teremu yatha. Otsalawo aone zawo pa lipoti.

8. Makolo, ndi nkhani za mitundu

Kholo likabwera n'kunena kuti, "Ameneyu anatengera ine, nanenso masamu ankandikanika," liyankheni mwaulemu mwana asanazimeze: "Mayi, chimene chikumuvuta tachipeza, ndi matebulo a 6 mpaka 9. Muzimufunsa asanu madzulo alionse, mayankho ali kuchikuto cha kopeli." Kholo losadziwa kuwerenga lithabe kumupatsa mwana theka la ola lopanda ntchito zapakhomo kusanade, ndipo nthawiyo ikhale yofanana kwa mtsikana ndi mlongo wake.

Ana a sekondale adzakufunsani ngati n'zoona kuti anthu a chigawo chakuti ndi anzeru za sukulu mwachibadwa. Ayankheni ndi mbiri. Mishoni ya Livingstonia inatsegula sukulu zambiri kumpoto msanga, ndipo mu 1894 Robert Laws anakhazikitsa sukulu ya maphunziro apamwamba ku Khondowe. M'madera ena makolo achisilamu ankaopa kutumiza ana kusukulu za mishoni kuti angawatembenuze chipembedzo, ndipo sukulu zaulere za pulayimale zinafika m'dziko lonse mu 1994. Apatseni ntchito yoti akafunse agogo awo kuti sukulu yoyamba m'dera lawo inamangidwa liti, inali mtunda wotani kuchokera kumudzi, ndipo ndani m'banjamo anayamba kupitako. Mayankhowo alembedwe pabolodi, boma ndi boma.